Mzere wa Kunkhongo

Bambo anga akhala akumeta anthu tsitsi kuyambira ine ndisanabadwe, m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa shopu ya zitsulo ndi ya mayi wogulitsa nsapato zakale. Muli mpando wozungulira umene unang'ambika pokhalira, benchi ya odikira, galasi lalikulu lothimbirira m'makona, ndi shelefu ya makina, zipeso, malezala ndi botolo la spiriti. Koma chimene chinkatidyetsa sichinali pa shelefupo. Anali maso awo. Kuyendetsa makina pamutu pa mnzako aliyense angathe, koma mzere wa pamphumi ndi wa kunkhongo, umene umasiyanitsa wometa ndi wotchetcha udzu, umafuna maso. Anthu ankadutsa malo ometera ambirimbiri kudzafuna mzere wa bambo. Nkhani ino ndi ya maso amenewo, ndipo ndikuilemba mtima ukuwira, chifukwa anawawononga ndi anthu omwe ankati amawakonda.

Pa ntchito yawo bambo anali ndi lamulo limodzi: munthu amene wakhala pampando satsutsidwa. "Wakupatsa khosi lake, iwe uli ndi lezala m'manja," ankatero. "Ukamutsutsanso ndiye ukufuna chiyani?" Wina akakhala n'kunena kuti timu yake inaberedwa ndi woimbira, bambo ankati, "Mwanena zoona." Wotsatira akati timu yomweyo ndi ya mbuzi, bambo ankatinso, "Mwanena zoona." Ndili mwana ndinkaseka mpaka kugwa pabenchi. Chovuta n'chakuti bambo omwewo sanama. Kuvomereza zonena za munthu ankati ndi ulemu chabe, koma kunena kuti wachita chinthu usanachichite ankati limenelo ndiye bodza, ndipo bodza pakamwa pawo silinkatuluka.

Analinso ndi chizolowezi chotola mawu. Akaona mawu olimbikitsa kumbuyo kwa lole, pa kalendala ya kubanki, kapena akawamva kwa munthu wapampando, ankadula katoni ya sopo, n'kulembapo ndi inki yakuda, n'kumata m'mbali mwa galasi. "Kumwetulira sikufuna magetsi." "Dzuka, tsiku silikudziwa kuti watopa." "Amene wasesa pakhomo pake wayamba kale kulemera." Amayi atamwalira makatoniwo anachuluka, mpaka anayamba kukwera khoma kulowera kudenga. Sindinawaletse. Munthu wamasiye amagwira chilichonse chimene chingamudzutse m'mawa, ndipo bambo anagwira makatoni ndi benchi yodzaza anthu.

Kenako kunabwera ludzu losatha, ndi maulendo a kuseri kwa shopu pakati pa mutu uliwonse. Ndinawakokera kuchipatala. Anawapeza ndi matenda a shuga, n'kuwapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Anesi anawauza kuti achepetse zotsekemera, azidya masamba ambiri ndi zipatso pang'ono. Madzulo ake msewu wonse unali utamva, chifukwa wometa sasunga nkhani, ngakhale yake yomwe.

Woyamba kufika ndi nzeru anali Aphunzitsi. Amenewa ndi mkulu wopuma ntchito, amene bambo anayamba kuwameta tsitsi lili thoo, mpaka pano latsala kampanda kozungulira dazi. Anabwera ndi bulenda m'jumbo, makina ogayira zipatso amene mwana wawo anawatumizira, koma iwo osawagwiritsa ntchito. Anakhala pampando, bambo n'kuwafunditsa nsalu, ndipo ali chiweramire anati, "Achimwene, mapiritsi amangogoneka matenda. Chipatso ndiye chimawapirikitsa."

"Mwanena zoona," anatero bambo. M'mawa mwake mawuwo anali pa katoni.

Poyamba sizinali zoipa, ndisaname. Kaloti, nkhaka, kachidutswa ka jinja, kapu imodzi m'mawa. Bambo anayamba kudzuka ndi changu, akuimba, akusenda kaloti pa sinki, ndipo ine ndinkatsuka sefa ndisanapite ku ntchito kwanga kumalo omwetsera mafuta a galimoto. Ndinkasangalala kuona munthu amene ankamwa tiyi wa masipuni anayi a shuga akuyamikira nkhaka.

Koma mpando uja sukhala wopanda munthu. Adalaivala a minibasi anakhalapo n'kunena kuti popanda bitiruti magazi sayera. Akalipentala anati chinanazi chimatsuka mitsempha ngati mmene sandipepa amasalazira thabwa. Mwamuna wa mayi wa nsapato anati chivwende. Wina amene sindimudziwa n'komwe, wongodutsa, anati athiremo uchi, chifukwa uchi si shuga koma mankhwala. Aliyense wa iwo, tsitsi likamera, ankabwerera, n'kukhala pampando, n'kufunsa kuti, "Zija mwayesa?" Bambo sakanatsutsa, ndipo sakananama. Ndiye ankayesa. Choipitsitsa n'chakuti sankachotsamo kanthu, chifukwa kuchotsa chinanazi kukanakhala kutsutsa akalipentala, ndipo akalipentala anali kubweranso Loweruka. Nyengo ya mango itafika, mango analowanso, okhwima, ofewa, odontha.

Kapu inasanduka jagi. Jagi inasanduka chigubu chimene ankanyamula m'mawa uliwonse kupita nacho kushopu. Ankamwa pakati pa mutu ndi mutu, ndipo odikira pabenchi ankawathirirako m'matambula. Juwisi wake anali wofiira, wolemera, wotsekemera mpaka kugwira pakhosi. Anthu ankabwera ngakhale tsitsi lisanamere, kudzamwa zaulere ndi kudzauza bambo kuti akuoneka mnyamata. Bambo ankawala nkhope. Chimwalirireni amayi ndinali ndisanawaone akuseka chonchija.

Za mapiritsi anabwera nazonso ndi Aphunzitsi. Anati mankhwala a kuchipatala ndi a chilengedwe akakumana m'mimba amafooketsana. Bambo sanataye mapiritsiwo, chifukwa kutero kukanakhala kutsutsa anesi. Anangowapatsa tsiku lawo. Lamlungu shopu imakhala yotseka ndipo bulenda imapuma, ndiye Lamlungu linali la mapiritsi. Masiku ena onse anali a chigubu. Anaona ngati agawa bwino, aliyense asadandaule.

Ndinalankhula. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Koma m'dziko lonse lino munthu mmodzi yekha amene bambo amamutsutsa ndine, chifukwa tsitsi langa ndimakalukitsa kwina ndipo pampando wawo sindikhalapo.

"Bambo, anesi anati zipatso pang'ono. Chigubu ndi pang'ono?"

"Iwe, izi ndi zachilengedwe. Mulibe shuga wa m'paketi muno."

"Tiyeni tikayezetsenso basi, tingoona."

"Ndikayezetse chiyani ndili bwinobwino? Anthu onse akuti ndasintha. Iwe wekha ndiye uli ndi maso ena?"

Nthawi yomweyo ndi imene anayamba kudandaula za galasi. Ankalipukuta ndi nyuzipepala m'mawa, masana, madzulo, akuti lachita nkhungu. Anasintha babu la m'shopu kuika lowala kwambiri, kenako anawonjezera lachiwiri. Zilembo za pamakatoni atsopano zinayamba kukula, ndipo nditafunsa anati akufuna kuti odutsa pamsewu aziwerengako nawo. Kunyumba ankathira juwisi pambali pa kapu n'kunena kuti tebulo ndi lopendekeka. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake, ndipo pabenchi paja panalibe amene ankati ayi.

Tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi shopu ya bambo, kuli wometa wina wachinyamata amene bambo anamupatsa dzina loti Wandolo chifukwa cha kandolo ka kukhutu kwake. Sankadana, koma sankachezerananso. Tsiku lina masana Wandolo anabwera kuntchito kwanga ndi kachigubu kudzagula petulo wa jenereta yake. Nditamuthirira sanachoke. Anaima akukanda m'mutu.

"Asisi, ndikuuzeni kanthu, koma musandinene."

"Nena."

"Mitu ya madala ndikuikonza ndine."

Sindinamve. Anabwereza pang'onopang'ono. Anati anthu akachoka pampando wa bambo amavala chipewa, n'kuyenda ngati akupita kwawo, n'kukhotera kanjira ka kuseri kwa mashopu, n'kulowa kwa iye kudzera khomo lakumbuyo kuti bambo asawaone. Iye amawongola mizere, amafafaniza masitepe, amatsiriza malo amene makina sanadutse. Anati zinayamba mvula isanagwe, ndi mutu umodzi umodzi, koma tsopano ndi aliyense.

"Sabata yatha adalaivala anabwera khutu likuwukha magazi," anatero. "Ndi pamene ndinati ayi, izi zakwana. Madala aja sakuona, asisi."

"Ndiye chifukwa chiyani sunanene kale?"

"Aphunzitsi anandiletsa. Anati tisawachititse manyazi, tisawapweteke mtima."

Ndinasiya paipi ya mafuta ili lende, n'kuuza mnzanga kuti andigwirire. Ndinalunjika kushopu ya bambo. Miyezi yonseyi anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankaona mzere ukupotoka pamitu yawo yomwe. Ankadziwa. Chizindikiro chimene chikanatithamangitsira kuchipatala nthawi ikadalipo ankachinyamula pamutu, n'kuchiphimba ndi chipewa, n'kukachifufutitsa kuseri. M'mawa mwake ankabweranso kudzamwa juwisi ndi kudzawonjezera chipatso china.

Nditalowa m'shopu, chimene ndinayamba kuona ndi zipewa. Benchi inali yodzaza, aliyense tambula kudzanja, chipewa pabondo, kunja dzuwa lilibe n'komwe ukali. Aphunzitsi anali atangotsika pampando, akudzikuntha pamapewa, chipewa chili kale pamutu. Bambo ankakutumula nsalu akumwetulira.

Ndinachitsomphola chipewacho. Sindinapereke moni.

"Mwana iwe! Ulemu uli kuti?" anakuwa Aphunzitsi.

"Tembenukani, onse aone."

Kunkhongo kwawo mzere unayambira pansi pa khutu lamanja n'kukwera mopendekeka mpaka pafupi ndi dazi. Mbali ina tsitsi linali lisanakhudzidwe n'komwe. Pabenchi palibe amene anadzutsa mutu. Onse ankayang'ana m'matambula mwawo.

"Mukupita kuti ndi mutu umenewu, Aphunzitsi? Kunyumba? Kapena kukhomo lakumbuyo kwa Wandolo?"

"Ife timafuna kuwasungira ulemu bambo akowa."

"Ulemu? Ulemu umaona? Ulemu uwawolotsa msewu? Munali ndi pakamwa ponena za chinanazi, za uchi, za mapiritsi a Lamlungu. Pakamwa pomwepo panakanika kunena kuti achimwene, mzere wapotoka, kaonetseni maso?"

"Sitinafune kuwapweteka mtima," anatero adalaivala chapansipansi, pulasitala ili kukhutu.

"Mtima mwausunga. Nanga maso?"

Bambo anali ataima chilili, nsalu ili m'manja. "Chavuta n'chiyani, mwanangu?" anafunsa, ndipo mawu awo anali aang'ono. Ndinawagwira dzanja n'kuwaimika kumbuyo kwa Aphunzitsi. Anayang'ana. Anasendera pafupi. Anasenderanso, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda khosi la munthu. Kenako anakweza dzanja n'kuyamba kutsata mzerewo ndi chala, kuchokera kukhutu, kukwera, kukwera. Chala chinaima pamene mzere unathera.

"Ine ndimati ndi galasi," anatero.

Mkwiyo wanga unasowa pogwera. Ndinanyamula chigubu chija, n'kutuluka nacho, n'kuchikhuthulira m'ngalande ya pakhomo. Juwisiyo anayenda wofiira mpaka kwa mayi wa nsapato. Posakhalitsa njuchi zinafika n'kudzaza ngalande yonse. Izo sizinafunike kuuzidwa ndi munthu kuti m'menemo muli shuga.

M'mawa mwake tinali pamzere kuchipatala cha maso. Shuga wawo atamuyeza, anesi anayang'ana makina, n'kuyang'ana bambo, n'kuyezanso. Adokotala anawadontheza mankhwala m'maso n'kuwaunika nthawi yaitali m'chipinda chamdima. Atawafunsa zimene amadya ndi kumwa, bambo anatchula zonse mwadongosolo, chipatso chilichonse ndi mwini wake: bitiruti wa adalaivala, chinanazi cha akalipentala, uchi wa munthu wodutsa. Adokotala sanaseke. Anati masamba alibe vuto, ndipo chipatso chodya ndi mano, pang'ono, chilibenso vuto. Koma chinanazi chathunthu ndi mulu wa mango munthu sangazimalize pokhala pamodzi, pamene ukazigaya umazimwa ngati madzi osamva kukhuta. Anati shuga wokwera kwa nthawi yaitali waphulitsa timitsempha ta mkati mwa maso. Lamanzere linali litapita, silibwereranso. Lamanja anati ayesetsa kuligwira pamene lafika, ngati bambo amwe mapiritsi tsiku lililonse ndi kusiya chigubu.

"Pamene munayamba kuona nkhungu, bwanji simunabwere?" anafunsa adokotala. "Nthawi imeneyo tikanapulumutsa zambiri."

Ine ndinatuluka panja, chifukwa zimene zinali pakamwa panga sizinali zonena pamaso pa adokotala.

Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, akuti onse aja ankafuna zabwino. Ndikudziwa kuti ankafuna zabwino, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala adani ndikanadziwa powaika. Koma awa ndi anthu amene ananyamula bokosi la amayi. Anaona kuti n'kwapafupi kuzungulira kuseri kwa mashopu miyezi yonseyo kusiyana ndi kunena mawu amodzi owawa. Bambo nawonso ndimawakwiyira, ngakhale ndimawaphikira ndi kuwawerengera mapiritsi m'dzanja. Munthu wa zaka zawo anapereka thupi lake kwa aliyense amene wakhala pampando, ngati kuti ndi nkhani ya mpira.

Bulenda ija sindinaitaye. Imagaya nkhaka, sipinachi ndi kachidutswa ka ndimu, kakapu kamodzi, ndipo bambo amamwa atakwinya nkhope ngati mwana wopatsidwa mankhwala a malungo. Kunyumba anakhala masabata angapo, shopu ili yotseka, akupita kuchipatala ndi kubwera. Ankakhala pakhonde n'kumatseka diso lamanzere ndi chikhatho, kenako lamanja, kuyesa kuwerenga nambala ya galimoto ya aneba. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atavala malaya awo oyera a kuntchito, akuthira mafuta m'makina ometera.

"Ndikukatsegula," anatero. "Lamanjali likuona ndithu."

Ndinapempha tchuthi cha tsiku limenelo n'kupita nawo. Tinasesa, tinapukuta fumbi pa shelefu, bambo n'kuyatsa mababu onse awiri. Anthu ankadutsa, n'kusuzumira, n'kupereka moni, n'kupitirira. Dzuwa litakwera, pakhomo panaima Aphunzitsi. Analibe chipewa, pamutu kapena m'manja. Tsitsi la kampanda kaja linali litakula mpaka kukhudza kolala, kusonyeza kuti chichokereni tsiku lija sanapite kwa wina aliyense. Ine sindinawapatse moni, ndipo mpaka lero sindinayambe.

"Achimwene," anatero, "ndabwera."

"Khalani," anatero bambo.

Anawafunditsa nsalu, n'kuimanga kumbuyo kwa khosi monga mwa masiku onse. Anawaweramitsa mutu ndi zala ziwiri. Anayatsa makina. Anawabweretsa kunkhongo, n'kupendeketsa mutu wawo kuti diso lamanja likhale kutsogolo. Makinawo ankalira m'mwamba, kampata kakang'ono kuchokera pakhungu. Aphunzitsi anali atatseka maso, akudikira. Ndinaona dzanja la bambo likusendera, n'kubwerera, n'kusenderanso. M'shopu monse munkangomveka kulira kwa makina.

Kenako anazimitsa.

"Dzukani, Aphunzitsi. Nsaluyo isiyeni pomwepo."

Anawagwira pamkono n'kutuluka nawo. Ine ndinathamanga kukaima mbali ya kumanzere kwa bambo, kumene saona magalimoto. Tinawoloka msewu tonse atatu, masana, anthu onse a m'mashopu akuyang'ana, Aphunzitsi ali chifundire nsalu ya bambo. Tinalowa kwa Wandolo kudzera khomo lakutsogolo. Mnyamatayo anatsitsa wailesi, n'kuimirira, osadziwa poika manja.

"Mwanawe," anatero bambo, "mutu uwu uli ndi kachotupa kuseri kwa khutu lamanzere, usakadutsepo ndi lezala. Tsitsi la kunkhongo limamera chozungulira, uziyambira pansi. Sakonda spiriti wambiri."

"Chabwino, madala."

Wandolo anayamba ntchito. Bambo sanakhale pabenchi. Anaima kumbuyo kwake manja ali kumsana, mutu wopendekeka, kuyambira poyamba mpaka pamene mnyamatayo anazimitsa makina n'kukuntha tsitsi pakhosi ndi kabulashi. Wandolo anapatuka kuti bambo aone. Bambo anayang'ana kunkhongo kuja nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kufunsa motsitsa kuti ena asamve.

"Wawongola?"

Ndinayang'ana. Mzere unali wowongoka, woyera, kuchokera khutu ili kufika khutu linalo.

"Wawongola, bambo."

Anagwedeza mutu. Anamasula okha nsalu yawo pakhosi pa Aphunzitsi, n'kuikutumula, n'kuipinda kanayi.

"Ndiye tiye tikazimitse magetsi," anatero. "Undigwire dzanja pamsewupo."